Wakudya Msipu Pakati pa Zirombo

Pali masewera a pa kompyuta amene anthu a m'maiko ambiri asewera nthawi imodzi, yense ali kwace, nakomana pa intaneti. Ena mwa masewerawo dzina lao ndi The Isle, ndiko kunena Cisumbu, ndipo anayamba kugulitsidwa m'caka ca 2015. Sanawande m'midzi ya ku Tamanda, pakuti afuna kompyuta yamphamvu. Koma nkhani iri m'menemo njodziwika kwa aliyense woweta ng'ombe.

Wosewera asankha nyama imodzi ya mtundu wa madinosaur, zija zinatha kalekale pa dziko, nakhala iye mwini nyamayo. Ambiri akonda yolusa, ya mano. Koma alipo ena asankha yakudya msipu. Wotere ayamba ali kamwana, ndipo kuti akule papita maora ambiri alikufuna cakudya ndi madzi. Zirombo zomsaka ndizo anthu anzace, ocenjera monga iye. Pa dooko pabisala ng'ona yaikuru, Deinosuchus, yolindira iye amene ludzu lamkulira. Akagwidwa, nchito ya maora onse aja yapita, ayambanso pa ukhanda. Cifukwa cace osewera aphunzira msanga kuti wakudya msipu woyenda yekha sacedwa kufa, ndipo afunana, nayenda m'gulu.

Munthu asayese kuti nyamazi nza m'nthano. Mafupa a imodzi yakudya masamba, ya khosi lalitali ndi mcira wautali, anakumbidwa ku Karonga, kumpoto kwa Malawi. Sidney Haughton anaifotokoza m'caka ca 1928, ndipo mu 1993 Louis Jacobs ndi anzace anaipatsa dzina lakuti Malawisaurus. Inakhala ndi moyo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, ndipo cifanizo ca mafupa ace ciimirira m'nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga. Cinyama cotero cikakula, nzocepa zirombo zoyesa kucigwira. Koma cinaswa m'dzira losaposa mphika wa ndiwo, ndipo pakati pa dzira ndi msinkhu panali zaka za mantha.

Tsono funso ndi ili: wofooka akalowa m'gulu, alowa kuti acinjirize anzace, kapena kuti abisale kumbuyo kwao?

Mau a akuru ati kali kokha nkanyama, tiri tiwiri ntianthu, ndipo ambiri ayesa kuti kuunjikana kuli konse ndiko cikondi. Koma m'caka ca 1971 Mngerezi wina wophunzira makhalidwe a nyama, W. D. Hamilton, anaonetsa kuti gulu lingapangike popanda cikondi ngakhale pang'ono. Anafanizira ndi acule okhala m'mphepete mwa dziwe, m'mene muli njoka yogwira cule amene ali pafupi nayo. Cule ali yense alumphira pakati pa anzace awiri, kuti njoka ikabvuuka iyambe kupeza wina. Posacedwa onse aunjikana pamodzi. Wopenya ali patali angati, Ha! acule awa akondanadi. Pamene yense angofuna kuti imfa igwere mnansi wace.

Ku cigwa ca Lwangwa njira zonse ziwiri zioneka. Mkango ukalumphira pakati pa nswala, zibalalika, ndipo zotsala zipulumuka pakuti mkango wakhuta ndi imodzi. Njati sizitero nthawi zonse. Kawirikawiri mwana akalira m'kamwa mwa mikango, gulu libwerera, nyanga ziri patsogolo, nilimlanditsa. Palibe amene angaweruze nswala, pakuti iribe nyanga za njati, ndipo nyama siziitanidwa ku bwalo. Koma m'masewera aja kumbuyo kwa nyama iri yonse kuli munthu, ndipo apo mlandu uyamba.

Taonani wosewera amene nyama yace ndi yaing'ono, monga Dryosaurus, yosakhoza kumenya kanthu. Alikudya kumbali kwa gulu, naona cirombo cirikukwawira mnzace amene sanacione. Anampatsa mau a kucenjeza, ndipo kulira nkosabvuta, angotobwanya cala. Koma akalira, waulula pamene ali, ndipo cirombo cingatembenukire iye. Akakhala cete nazemba, apulumuka ndithu. Palibe adzadziwa kuti anaona. Pano si nkhani ya mphamvu ai. Palibe amfunsa kuti alimbane naco cirombo. Afunsidwa liu lokha, ndipo liulo liri ndi mtengo wace.

Ndi momwemo pa mudzi usiku. Akuba ng'ombe sali acilendo m'dziko la Chipata. Munthu adzidzimuka pakati pa usiku, namva mipiringidzo ya khola la mnansi irikusololedwa mmodzi mmodzi. Alibe mfuti, mwina ndi nkhalamba, mwina mkazi wamasiye ali ndi tiana m'nyumba. Adziwa kuti akuba ayenda ndi zikwanje, ndiponso kuti wina wa iwo angakhale wa mudzi woyandikana, wodziwa khomo la amene wakuwa. Mtima umuuza kuti, Ng'ombe si zako, khola lako silinakhudzidwe, pfunda. Ndipo m'mawa adzapita ndi anzace kukapenya mapazi, nagwira pakamwa monga onse.

Mantha amenewo sayenera kusekedwa. Amene anena msanga kuti, Ndikadakhala ine ndikadaturuka, kawirikawiri ndiye anagona tulo tosamva kanthu. Ndiponso pali coonadi m'mau akuti mai ayamba wasunga ana ace. Palibe lamulo lomtuma kutsegula citseko ndi kukaima pamaso pa cikwanje. Wosewera akalakwa ataya maora. Uyu angataye moyo.

Komabe kukhala cete sikuli kopanda mlandu. Wogona uja wakhala zaka zonse mwamtendere cifukwa akuba aopa mudzi, ndipo auopa poyesa kuti m'nyumba iri yonse muli khutu ndi pakamwa. Iye wadya nao mtendere umene anzace anaugula ndi kuipa kwa tulo tao. Akakhala cete tsiku lace litafika, watenga za gulu osabwezapo kanthu, monga cule uja. Ndipo cimene aciyesa nzeru sicikhalitsa: akuba akaona kuti mudzi uwu ukumva koma sukuwa, adzabweranso, pakuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Mnansi amene ng'ombe zace ziwiri za pulawo zapita m'mwezi wa November sadzalima munda wonse caka cimeneco, ndipo njala yace idzafika pa nkhokwe za abale ace, ndi ya wogona uja yomwe.

Cimene wofooka angathe ncocepa, koma ciripo. Nswala yomwe, yosadziwa kubwerera mnzace, ikaona mkango iyamba yafwenthera mwamphamvu isanathawe, ndipo zonse zitukula mitu. Pakati pa kuturuka ndi nthungo ndi kupfunda kumutu pali njira zambiri. Mai wamasiye angathe kukuwa citseko ciri cotseka. Angaombe khasu ndi mwala, kapena cidebe, kufikira agaru a mudzi wonse ayamba kuuwa. Masiku ano angatenge foni pansi pa pfunda naimbira a mfumu kapena mwini khola, osaturutsa liu lomveka pabwalo. Akuba sadziwa nyumba imene yayamba. Angomva zitseko zirikutseguka kuno ndi uko, naona miuni irikudza kucokera ku mbali zitatu, ng'ombe zisanaoloke dambo.