Kugula Galimoto Osaiona: Nanga Chilungamo Chili Pati?

Makolo athu pofuna mbuzi ankapita okha kukhola. Ankaiyang'ana mano, naigwira nthiti, naiona ikuyenda, ndipo pambuyo pake ndi pamene ankakambirana za mtengo. Malonda ndi m'maso, ankatero akuluakulu, ndipo akatha panalibenso zobwezerana. Koma lero munthu angathe kugula galimoto ya ndalama zambiri ali khale m'nyumba mwake, ataona zithunzi zokha pa foni, kwa wamalonda amene sanagwirane naye chanza n'kamodzi komwe. Nanga galimotoyo ikafika n'kupezeka kuti sinamukomere, kodi ali ndi ufulu woibweza? Ngati ali nawo, kodi ufuluwo umalekeza pati?

Tiyeni tiyambe taona za ku Britain, kumene abale athu ena akukhala, ndiponso kumene nkhaniyi inalembedwa momveka m'malamulo. Kuyambira m'chaka cha 2014, munthu amene wagula katundu kwa wamalonda pa intaneti kapena pa foni, osaonana naye, ali ndi masiku 14 kuchokera pamene katunduyo wafika, oti angathe kunena kuti sakumufunanso. Sakakamizidwa kupereka chifukwa. Galimoto nayonso ili m'gulu lomweli. Wogulitsa akapanda kumuuza za ufuluwu, nthawiyo imatalikitsidwa mpaka ndi miyezi 12. Pali lamulo linanso, la m'chaka cha 2015, lonena za katundu wachilema: galimoto ikapezeka yowonongeka kapena yosiyana ndi mmene anaifotokozera, wogula angathe kuikana pasanathe masiku 30, nalandira ndalama zake zonse. Ufulu wa masiku 14 uja sugwira ntchito pogula kwa munthu wamba amene akungogulitsa galimoto yake.

Chifukwa chake cha lamuloli sichovuta kuchiona. Amene wagula kutali wamanidwa maso ndi makutu. Sanamve kulira kwa injini, sanagwade kuti aone dzimbiri kunsi, sanakhale pampando kuti adziwe ngati msana wake ugwirizana nawo. Wogulitsa ndiye adziwa zonse, ndipo ndiyenso asankha mbali yoti aijambule. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Motero masiku 14 aja akubwezera wogula chimene mtunda unam'landa, ndiko kuona ndi kugwira chinthu asanatsimikize mumtima.

Nkhawa imeneyi ndi yakale kuposa galimoto. Ku Roma wakale, akuluakulu oyang'anira misika analamula kuti wogulitsa ziweto aziulula matenda ndi zilema zake, ndipo wogula amene wanamizidwa anali ndi miyezi 6 yobwezera chiwetocho. Thomas Aquinas Woyera, amene anamwalira m'chaka cha 1274, analingaliranso funso lomweli, natenga chitsanzo cha kavalo. Iye anaphunzitsa kuti chilema choonekeratu, monga kavalo wa diso limodzi, wogulitsa sakakamizidwa kuchilengeza, malinga atsitse mtengo moyenera. Koma chilema chobisika, chimene chingadzetse ngozi kapena kutayitsa mnzake chuma, ayenera kuchiulula. Tsono taganizani: pa malonda a kutali, ndi chilema chiti chimene tingati n'choonekeratu? Palibe. Kwa munthu amene ali kutsidya la nyanja, ngakhale galasi losweka n'lobisika ngati silinajambulidwe. Chomwecho udindo wa wogulitsa wonena zoona umakula monga mmene mtunda ukukulira. Kubweza m'mbuyo manambala osonyeza mtunda umene galimoto yayenda, kapena kukhala chete pa za ngozi imene inachita kale, ndi kuba, ngakhale kuchitike mwaulemu ndi pa pepala loyera.

Mpaka pano ambiri a ife tivomerezana, popeza timadziona ngati ogula, ndipo n'chapafupi kuloza chala wamalonda. Koma wogula nayenso ali ndi mlandu woti ayankhe. Tiyerekeze kuti munthu ali ndi ukwati wa mwana wake Loweruka likudzali. Aitanitsa galimoto yokongola, anyamulira akwati, azungulira nayo kwa achibale, ndipo pa tsiku la 13 alemba kalata yoti sakuifunanso. Sananame mawu alionse, ndipo lamulo silimufunsa chifukwa. Kodi wachita chilungamo? Ife tikuti iyayi. Mumtima mwake sanagule. Anabwereka mochenjera, mwini wake osadziwa. Galimotoyo yabwerera itatsika mtengo, ndipo chotayikacho chidzagwera wogulitsa, antchito ake, kapena ogula ena amene adzakwezeredwa mitengo.

Lamulo lomwelo linaona msampha umenewu. Limalola wogulitsa kudulako ndalama ngati wogula wagwiritsa ntchito katunduyo kupyola mmene akanamuyesera m'sitolo, ndipo kawirikawiri mtengo wobwezera galimoto umagwera wogula, ngati anauzidwiratu. Komabe lamulo limangowerenga makilomita ndi zokala za pa chitseko; cholinga cha munthu silichiona. Pamenepo m'pamene chikumbumtima chiyenera kulankhula. Kubweza chifukwa chakuti galimoto ndi yopapatiza kwa banja lathu, kapena chifukwa chakuti tazindikira kuti ngongole yake itimiza, palibe cholakwa, ndipo tisachite nazo manyazi. Ufuluwo anauikira zimenezo. Choipa ndicho kuitanitsa chinthu tikudziwiratu kuti tidzachibweza tikathana nacho.

Nanga ife kuno kwathu? Mabanja ambiri m'Malawi amagula magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Japan, ataona zithunzi pa intaneti. Ndalama zimatsogola, galimoto imatsatira pa sitima ya pamadzi mpaka ku Dar es Salaam, kenaka pa msewu kudzalowera pa Songwe, msonkho n'kuperekedwa. Ikapezeka ndi vuto, ndani angaikwezenso sitima? Tili nalo lamulo loteteza ogula la m'chaka cha 2003, ndiponso bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo okhudza amalonda a kuno, koma dzanja lake silingafike msanga kwa wamalonda wa ku Yokohama. Pamenepa banja limene lasunga ndalama zaka zingapo, mwina litagulitsa ng'ombe kapena kutenga ngongole, latsamira pa mawu a munthu amene silidzamuona konse. Safunsa anadya phula: tisanatumize ndalama tifunse zikalata za galimotoyo, tiwerenge zimene wogulitsa walonjeza pa za kubweza, ndipo timve kwa anzathu amene anagulako kale. Ndiponso tikumbuke kuti ambiri a ife tidzaigulitsa galimoto yomweyo patapita zaka, mwina kwa munthu wa ku Mzuzu kapena ku Nsanje amene adzangoona chithunzi pa WhatsApp. Tsiku limenelo odziwa zilema zonse tidzakhala ife.

Pamapeto pake, malonda a kutali amaima pa kukhulupirirana. Lamulo labwino limathandiza, pakuti limateteza wosadziwa kwa wodziwa, ndipo tiyenera kulifuna ndi kuligwiritsa ntchito mosaopa. Koma silingalowe m'malo mwa mtima woona. Pogulitsa, tiuze mnzathu zonse zimene akanaziona akanakhala pafupi. Pogula, tiisamale galimoto m'masiku oyeserawo monga katundu amene mwina adzabwerera kwa mwini wake. Ana athu, amene amamva mmene timayankhira foni ya wogula, adzaphunzira kwa ife ngati mawu a munthu ali ndi mtengo.