Manja Anuwo Asaiwale Dongo

Ana anga, khalani pansi ndikutsineni khutu. Foniyo iikeni kaye pambali, sithawa. Nkhani yanga ndi ya zojambula zimene mukutumizirana usana ndi usiku pa WhatsApp ndi pa Facebook, komanso tinyama timene ena mwa inu mukusoka ndi kuumba. Adzukulu akandionetsa ndimakondwa kuti luso silidafe. Koma ndikayang'anitsitsa, nkhawa imandigwira. Anthu amene mukujambulawo maso aakuluakulu, tsitsi losongoka, mphuno kadontho chabe, mwawatenga ku makatuni a ku Japan. Nyama zanu ndi zimbalangondo zimene simudazionepo zikupuma. Mbuzi imene imakudzutsani m'mawa uliwonse palibe waijambula. Sindikuti za eni ndi zoipa ayi. Eniakewo adavutikira luso lawo zaka zambiri asadafike pamenepo. Inu mukukopera mapeto a ntchito yawo, chiyambi chake mwachilumpha.

Yambani ndi kuyang'ana. Tengani pensulo ndi kope lakale, mukakhale pafupi ndi khola. Mbuziyo muiyang'ane m'maso. Kamwana ka m'diso lake si kozungulira, n'kopingasa. Mwakula ndi mbuzi, koma ena zimenezi mukuzimva lero. Onani mmene imachitira ikafuna kugona: imayamba kugwada ndi miyendo yakutsogolo, kumbuyo n'kumatsatira. Mukapeza bilimankhwe panthambi musamugende. Khalani phee, mumuwerenge zala. Ali nazo zisanu phazi lililonse, koma zidagwirana m'magulu awiri, kwina ziwiri kwina zitatu, n'chifukwa chake amafumbata nthambi osagwa. Diso lina limatha kuyang'ana kutsogolo, linzake lili kumbuyo. Akapuma mchira amaukulunga. Zonsezi wothamanga saziona. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo mukafuna kujambula fisi, kumbukirani kuti miyendo yake yakutsogolo ndi yaitali kuposa yakumbuyo, msana ndi wotsetsereka, khosi ndi lalikulu. Mukamupatsa msana wowongoka, ameneyo ndi galu.

Dongo musalinyoze. Kale mnyamata aliyense woweta ng'ombe ankadziwa kuumba. Ziweto zikamadya kudambo, iye ali chikhalire m'mbali mwa madzi, akuumba nkhunzi ya linunda ndi nyanga zake, aiyanike, mawa adzaimenyanitse ndi ya mnzake. Atsikana ku masanje ankaumba timiphika, chitsononkho ali nacho kumbuyo ngati mwana. Palibe ankati imeneyi ndi sukulu, komabe manja ankaphunzirira pamenepo. Lero mwana wa zaka khumi chala chake chimangodziwa kutsetsereka pagalasi la foni. Mukamupatsa dongo, amayamba wafunsa kuti sopo ali kuti.

Mverani tsono mmene limagwiridwira. Kumbani dongo lomata bwino kudambo kapena m'mphepete mwa mtsinje. Chotsani timiyala ndi timizu tonse, poti kamwala kamodzi kokha kamang'amba chinthu chonse chikamauma. Likandeni mpaka lifewe mofanana, mpweya wonse utuluke. Likakhala lomata mopitirira, thiraniko mchenga wosefa pang'ono kapena mapale osinja. Muyeso wake amaudziwa ndi amayi oumba mbiya, kawafunseni mwaulemu, safunsa adadya phula. Mukamaumba njovu, miyendo ikhale yaifupi ndi yonenepa. Itulutseni kuchokera kuthupi lomwelo, chifukwa yongomata pambuyo imathothoka. Thupi likakula, libooleni kumimba likhale ndi mphako. Dongo lochindikala limasunga madzi mkati, ndipo likalowa pamoto limaphulika n'kuswanso zinzake zimene zili pafupi. Yanikani pamthunzi masiku angapo. Padzuwa kunja kumauma msanga mkati mukadali mwauwisi, mapeto ake ming'alu yokhayokha. Lisadaumitsitse, likulungizeni ndi kamwala kosalala ka kumtsinje. Mudzadabwa kuona msana wa njovu yanu ukuwala popanda utoto uliwonse.

Tsopano ndifike pa chimene chikundiwawa kwenikweni, ndicho manyazi anu. Mwana akajambula koyamba, mkango umatuluka wofanana ndi mphaka wodwala, dzanja la munthu zala zosalingana. Ndi mmene zimakhalira kwa aliyense. Koma inu mukangomaliza mumatsegula foni, n'kuona ntchito ya munthu wa ku Lagos kapena ku London amene wakhala akujambula inu musadabadwe, basi pepala lija khwinyu, lapita kudzala. Musang'ambe, ana anga. Amene mukumusirirayo amakuonetsani zokoma zokha, mulu wa zolakwika zake suoneka pafoni. Jambulani mkango womwewo mawa, ndi mkuja, ndi sabata yamawa. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Dzanja silimva uphungu, limamva kubwereza.

Inunso amene mwapitako patsogolo ndili nanu mawu. Mnzanu woyamba kumene akalimba mtima n'kuonetsa chake, musamutumizire tinkhope toseka tija. Kwa inu ndi nthabwala ya kamphindi, koma iye akhoza kuika pensulo pansi osadzaitolanso. Komanso musamunamize ndi mawu akuti "zaboo" pamene simudayang'ane n'komwe. Muuzeni chimodzi chimene wakhoza, ndi chimodzi choti akonze. Nenani kuti mthunzi wa pansi pa mtengowu wauika bwino, koma khutu la kaluluyu lakwera kwambiri. Akatero amadziwa pogwira. Ndipo inu wolandira mawuwo musakwiye, wakutsina khutu ndi mnansi.

Kwabweranso makina a pa intaneti oti ukangowauza mawu amakutulutsira chithunzi nthawi yomweyo. Sewerani nawo mukafuna, koma musalembepo dzina lanu n'kumauza anthu kuti mwajambula. Limenelo ndi bodza, ndipo woyamba kunamizidwa ndinu nomwe. Bandulo ikatha, magetsi akazima, mutsala ndi chimene manja anu akudziwa.

Mumati mulibe zipangizo. Ndamva, ndipo ndikudziwa kuti utoto wa m'sitolo ndi wodula. Koma tamverani za Edward Saidi Tingatinga wa ku Tanzania. Munthuyu sadapite kusukulu ya zojambula. Adayamba m'chaka cha 1968 mumzinda wa Dar es Salaam, ndi utoto wopakira njinga, pa timatabwa totsika mtengo ta siling'i. Ankajambula nyama ndi mbalame, kawirikawiri imodzi pa thabwa limodzi, mitundu yowala, mosavuta kuona. Adamwalira mu 1972, atangogwira ntchitoyi zaka zinayi zokha. Koma anali ataphunzitsako abale ake, iwo n'kuphunzitsanso ena, moti mpaka lero kajambulidwe kameneka kamatchedwa ndi dzina lake ndipo kamagulidwa m'mayiko ambiri. Akadadikira utoto wa ku Ulaya, bwenzi dzina lake tisakulidziwa.

Makala ali kukhitchini, jambulirani. Katondo, dothi lofiira lija, musefeni n'kumusungunula m'madzi. Dothi loyera ndi mwaye wa kudenga ndi mitundu iwiri ina. Amayi akumudzi akhala akukongoletsa makoma a nyumba ndi zomwezi chikhalire. Pepala likasowa, katoni ilipo. Burashi ikasowa, tafunani nsonga ya kamtengo kapena tengani nthenga ya nkhuku. Mukapeza kandalama, musathamangire bokosi la mitundu yambirimbiri. Gulani wofiira, wachikasu ndi wabuluu, kenako woyera ndi wakuda. Wachikasu ndi wabuluu akakumana amabala wobiriwira, wofiira ndi wachikasu amabala wa olenji. Phunzirani kusakaniza nokha, kuti diso lanu lizolowere. Mukamagwiritsa ntchito utoto wa madzi, yambani ndi mitundu yopepuka, yakuda ibwere pomaliza, chifukwa wakuda ukalowa papepala satulukanso. Dikirani pouma musadaike wina pamwamba pake. Burashi itsukeni mukangomaliza, ikagona ndi utoto yatha ntchito.

Musaganize kuti kujambula kudabwera ndi sukulu. Pitani ku Dedza, ku mapiri a Chongoni. Kumeneko kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Zofiira adajambula ndi Akafula, anthu osaka nyama amene adalipo makolo athu asadafike. Zoyera adajambula ndi Achewa, ndi dothi loyera, ndipo zambiri ndi zooneka ngati nyama. Zina zidali zophunzitsira atsikana kuchinamwali, choncho ena mwa ojambulawo adali amayi. Atsikana, mwamva? Pasapezeke wokuuzani kuti luso limeneli ndi la anyamata okha. Mukafika ku Chencherere kapena ku Namzeze, yang'anani ndi maso, manja akhale m'thumba. Musalembepo mayina anu ndi makala. Zimene zakhala zaka zonsezi zisaonongeke ndi inu.

Mukatsika phiri kulowera kunyanja, patukirani ku Mua. Kumeneko Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene adapatsidwa dzina lakuti Chisale, adayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo osema ziboliboli ambiri adaphunzirira pomwepo. M'nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare mudzaona kuchuluka kwa nkhope za Gule Wamkulu, iliyonse ndi khalidwe lake ndi phunziro lake. Za kudambwe sindinena, sizinenedwa poyera. Ndingoti amene adaonapo kasiyamaliro akulowa m'bwalo amadziwa kuti nkhani ya nyama zokhala ndi khalidwe ndi uthenga sitikuiphunzira kwa alendo. Pajatu mlendo uja adachoka ku Canada n'kudzaphunzira zimenezi n'kukhala nazo moyo wake wonse, pamene inu muli pafupi simudapondeko.

Ndiye mukafuna nyama zoti muzisoka kapena kuzijambula m'timabuku ta ana, musavutike kufunafuna kutali. Kalulu alipo ndi nzeru zake zakuba. Fisi alipo ndi dyera lake lomwe limamugwetsa m'mavuto nthawi zonse. Kamba alipo, wochedwa koma wosagonja. Njovu ilipo, yamphamvu koma yopusitsika. Agogo anu akadali moyo, pitani madzulo mukawapemphe nthano, muyankhe "tili tonse" mpaka ithe. Mukamvetsere mmene amasinthira mawu akafika pa Fisi, mmene amatsinzinira diso akafika pa Kalulu. Nkhope ya chidole chanu ili pamenepo. Musachedwe, akuluakuluwa sakhala nafe mpaka kalekale, ndipo akapita amapita nazo.

Kwa inu osoka, pitani kwa atelala mukapemphe zidutswa za zitenje zimene amasesa madzulo. Jambulani kaye nyamayo pa katoni, mudule, ndiye muyezere pansalu, kusiya malo a msoko. Sokani nsalu ili chotembenuza, musiye kampata, mutembenuze, kenako muikemo thonje kapena tinsanza todula bwino. Yambani kudzaza miyendo ndi makutu, thupi pambuyo, apo ayi miyendo idzalendewera. Ngati chidolecho n'cha khanda, maso asakhale a mabatani kapena mikanda. Mwana amazula n'kumeza. Asokeni ndi ulusi. Osema, mitengo ya mphingo ndi mlombwa ikutha, ndipo imatenga zaka zambiri kuti ikule. Musaphunzirire pa imeneyo. Yambani ndi mitengo yofewa ndi zidutswa zotsala kwa akalipentala, ndipo mukadula umodzi dzalani ina.

Kuonetsa ntchito yanu pafoni sindikukuletsani. Ndi msika wabwino, umafika kumene miyendo yanu siingafike. Koma chitani mwanzeru. Jambulani chithunzi chake masana, pakhonde pamene pali kuwala koma dzuwa silikuwomba mwachindunji, kumbuyo kukhale koyera, osati mbale zosatsuka. Lembani dzina lanu ndi chaka pakona ya chojambulacho musadachitumize, poti chikangochoka m'manja mwanu chimayenda osatsanzika. Cha mnzanu mukachitumiza kwa ena, tchulani mwini wake. Mukatengera kwa wina pophunzira, nenani kuti mwatengera. Kuno kwathu kuli lamulo loteteza ntchito za luso, lomwe lidakonzedwanso mu 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira zimenezi. Lidziweni, lingakuthandizeni tsiku lina wina atasindikiza chojambula chanu pa malaya osakupemphani.

Wina akafuna kugula, musachite manyazi kutchula mtengo. Werengerani nsalu, ulusi, utoto, ndi nthawi imene mwakhala chiweramire. Achibale ndi anzanu adzati mungowapatsa poti mumangosewera. Apatseni mukafuna, koma adziwe kuti mwawapatsa mphatso. Wokuitanitsani ntchito yaikulu apereke kaye ndalama ya zipangizo musadayambe, chifukwa ambiri amasowa chinthu chikatha.

Ndipo foni isakhale nkhokwe yanu yokhayo. Imabedwa, imagwera m'madzi, imafa osadwala. Mapepala anu aikeni pakati pa makatoni awiri, mumange ndi chingwe, muwapachike pamwamba, kutali ndi khoma la chinyezi ndi chiswe. Kumbuyo kwa lililonse lembani tsiku. Tinyama tadongo tiikeni pamalo poti nkhuku ndi ana okwawa satifika. Chaka chikatha masulani chingwecho, muyale zonse pamkeka kuyambira choyamba, muitane mng'ono wanu adzaone, ndipo mumupatse pensulo yake.