Musathere pa Moni: Phunzirani Kulamula ndi Kupempha m'Chisipanishi

Inu amene munayamba Chisipanishi ndi moto, n'kufika pomatha kupereka moni, kufunsa mtengo wa chinthu ndi kunena kumene mumachokera, kenako n'kutseka buku mutafika pa mutu wa subjuntivo, ndikulankhula ndi inu. Tsegulaninso bukulo. Zimene munaphunzira kumbuyoko zidzakuthandizani kuti musasochere m'misewu ya ku Madrid kapena ku Bogotá. Koma zimene munasiyazo n'zimene zidzachititse kuti mukalowa mu ofesi akumvereni, mukalemba kalata akuyankheni, mukapatsidwa anthu oti muwatsogolere muwalamule osawanyoza.

Anthu pafupifupi 500 miliyoni anabadwira m'chiyankhulochi. Ndi chiyankhulo cha boma m'mayiko 20, limodzi mwa iwo ndi Equatorial Guinea muno mu Africa, ndipo ndi chimodzi mwa ziyankhulo 6 zimene bungwe la United Nations limagwiritsa ntchito. M'zipinda za misonkhano imeneyo simulowa munthu wa Chisipanishi chogulira nthochi. Mumalowa wodziwa kunena kuti "ndikupempha" mosachita kudzigwetsa, ndi kunena kuti "chitani" mosachita mwano.

Yambirani pa usted. Mawuwa anachokera ku vuestra merced, mmene ankaitanira anthu olemekezeka ku Spain kalekale, ngati kunena kuti "chifundo chanu". N'chifukwa chake mpaka lero usted amayenda ndi mneni wa munthu wachitatu. Munthuyo ali pamaso panu, mukumuyang'ana, koma mneni mukumuika ngati mukunena za wina amene palibe: ¿Cómo está usted? Wophunzira amene kwawo "iwe" ndi "inu" ndi mawu amodzi amatuluka nazo thukuta zimenezi. Nanga inu muvutikirenji? Kodi si inu amene mumanjuta pamaso pa apongozi n'kufunsa kuti "Adzuka bwanji?" eni ake ali pomwepo? Ulemu wolankhula ndi munthu ngati mukunena za wina munauyamwira. Chimene chatsala n'kuuveka aneni a Chisipanishi basi.

Ndipo kavekedwe kake n'kosavuta mmene amaopsezera. Tengani mneni m'nthawi yatsopano mmene munganenere za inu mwini, chotsani o wa kumapeto, ikanipo lembo la liwu la mbali ina. Aneni othera ndi -ar amatenga e, othera ndi -er ndi -ir amatenga a. Hablo akhala hable, lankhulani. Escribo akhala escriba, lembani. Ngakhale aneni amene amaoneka ngati osamvera amagonjera lamulo lomweli: tengo abereka tenga, digo abereka diga, hago abereka haga, vengo abereka venga. Opanduka enieni alipo 6 okha, dé, esté, haya, vaya, sepa ndi sea, ndipo munthu amene analoweza matebulo a masamu ku pulayimale sangandiuze kuti mawu 6 amulaka. Mukafuna kulamula anthu ambiri, onjezani n kumapeto: hablen, escriban, vengan. Apo mwagwira kale kanenedwe ka chifuniro, subjuntivo yemwe uja munamuthawa.

Tsopano imvani chimene chimandilimbitsa mtima kwambiri ndikaganiza za inu. M'Chichewa timati "bwera", koma poletsa sitinena kuti "usabwera", timati "usabwere". Mneni wasintha, wathera ndi e. Timati "ndikufuna ubwere", "tipite", "alowe". Palibe anatikhazika pansi kutiphunzitsa zimenezi, koma mwana wa zaka zinayi sazilakwitsa. Chisipanishi chimachita chimodzimodzi, ndipo nthawi zambiri pamalo omwewo. Ven, bwera, no vengas, usabwere. Habla, lankhula; no hables, usalankhule. Quiero que vengas, ndikufuna ubwere. Hablemos, tilankhule. Mlembi akauza bwana kuti kunja kuli mlendo, bwanayo amayankha kuti Que pase, alowe. Lamulo lililonse loletsa m'Chisipanishi limadutsa mu subjuntivo, kaya mukuletsa mwana kaya nduna. Khutu lanu limadziwa kale kusiyanitsa chimene chilipo ndi chimene mukufuna chichitike. Ena amatha miyezi akusaka khutu limenelo, inu munabadwa nalo. Mungalitaye bwanji chifukwa cha dzina lachilendo lolembedwa pamwamba pa tsamba?

Taganizani kuti ndinu namwino m'chipatala cha ku Valencia, ndipo alowa agogo a zaka 80 atagwira ndodo. Pase, mukutero, lowani. Siéntese, por favor, khalani pansi. Mwaika chopimira pachifuwa: Respire hondo, pumani kwambiri. Mwatenga jakisoni: No se mueva, musasunthe. Potuluka mukuwapatsa mankhwala: Tómese una pastilla cada ocho horas, muzimwa piritsi limodzi maola 8 aliwonse. Malamulo asanu otsatizana, koma agogowo akutuluka akumva kuti alemekezedwa. Mukanati siéntate ndi no te muevas, akanakumvani ndithu, koma mwina akanakuyang'anani monga mmene agogo akwanu angayang'anire mwana wowauza kuti "khala apa".

Yang'anitsitsani mawu awiri aja, siéntese ndi no se mueva. Pamene mukulamula, mlowam'malo amamatirira kumapeto kwa mneni n'kukhala mawu amodzi. Pamene mukuletsa, amachoka n'kukaima kutsogolo payekha. Dígame, ndiuzeni, mmene anthu ambiri a ku Spain amayankhira foni. No me diga, musandiuze. Kachizindikiro kamene kaoneka pamwamba pa i m'mawu a dígame kabwera kudzasunga mphamvu ya liwu pamalo pamene inali mu diga. Alowam'malo akakumana awiri, le amasanduka se pamaso pa lo: envíeselo, mutumizireni chinthucho. Apa pokha m'pofunika kudekha, pakuti lembo limodzi limatembenuza nkhani. Siéntese n'kumuuza munthu kuti akhale pansi, siéntase n'kumuuza mmene amvere mumtima. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komatu ulemu waukulu m'Chisipanishi suli pa kulamula bwino kokha. Uli pa kudziwa nthawi yobisa lamulo. Quiero, ndikufuna, n'Chisipanishi cholondola, koma pamaso pa mkulu wa ofesi chimamveka chouma. Quisiera chimanena zomwezo mofewa. ¿Podría ayudarme? chimatsegula zitseko zimene ayúdeme angazisiye zotseka. Ndiye pali kalata. Tiyerekeze kuti mukupempha malo pa yunivesite ya ku Salamanca ndipo mukufuna fomu. Wophunzira amene anaima panjira alemba kuti Mándame el formulario, nditumizire fomuyo, ngati akutuma mng'ono wake kudimba. Amene anapirira ayamba ndi Estimada señora, aika madontho awiri, osati mpumiro, atsika mzere, n'kulemba kuti Le agradecería que me enviara el formulario, ndingathokoze mutanditumizira fomuyo. Atseka ndi Atentamente. Wolandira makalata awiriwa sanaonepo nkhope ya aliyense, sakudziwa magiredi awo, koma waweruza kale. Ine zimandipweteka kuganiza kuti mwana wanzeru angatsekerwe khomo chifukwa cha mneni mmodzi amene akanamuphunzira sabata imodzi.

Enviara ameneyo ndi subjuntivo wa nthawi yakale, ndipo kapangidwe kake n'kokhulupirika kuposa china chilichonse m'galamalayi. Tengani mneni wonena zimene anthu ambiri anachita, chotsani -ron, ikani -ra. Enviaron, enviara. Dijeron, dijera. Tuvieron, tuviera. Quisieron, quisiera, yemwe uja wofewetsa pempho. Palibe mneni ngakhale mmodzi wozemba lamuloli. Mukakumana ndi enviase musadzidzimuke, ndi mapasa ndi enviara.

Mudzamva kuti dera lililonse lili ndi kalamulidwe kake, ndipo n'zoona. Ku Spain amauza gulu la anzawo kuti hablad, pamene ku Latin America gulu lililonse ndi ustedes, hablen. Ku Buenos Aires ndi ku Montevideo amati vení ndi hablá. Ku Costa Rica ndi m'madera ena a Colombia usted amamveka ngakhale m'nyumba, mayi akulankhula ndi mwana wake, pamene ku Madrid tú walowerera mpaka m'masitolo ndi m'makalasi. Zisakusokonezeni. Langizo langa n'limodzi: kwa munthu wamkulu kapena wachilendo, yambani ndi usted. Ngati ulemuwo wachuluka, mwini wake adzakumasulani yekha kuti puedes tutearme, ungathe kunditi iwe. Sindikuona kuti alipo angakusungireni kukhosi chifukwa chomulemekeza mopitirira, koma wonyozedwa tsiku loyamba saiwala msanga.

Musaganize kuti eni chiyankhulo savutika. Real Academia Española, bungwe losamala Chisipanishi limene linakhazikitsidwa mu 1713, linalimbana nthawi yaitali ndi anthu a ku Spain amene ankanena iros m'malo mwa idos pouza gulu kuti lichoke, mpaka mu 2017 linavomereza iros. Ngati eni ake amakangana za kanenedwe kolamula, inu muchitirenji manyazi lilime likapunthwa? Malamulowa si chinsinsi cha anthu ochepa. Antonio de Nebrija anasindikiza galamala yoyamba ya Chisipanishi mu 1492, ndipo kuyambira pamenepo alendo osawerengeka aphunzira chiyankhulochi mpaka kuchigwiritsa ntchito m'makhoti ndi m'mayunivesite. Instituto Cervantes, imene inayamba mu 1991, imayendetsa mayeso a DELE kuyambira A1 mpaka C2. Satifiketi za pamwambazo sizifunsa kuti munabadwira kuti. Zimafunsa ngati mungalembe pempho, dandaulo ndi malangizo mogwirizana ndi munthu amene mukumulembera.

Choncho dzukani. Galamala imeneyi sikhazikika ndi maso, imafuna pakamwa. Mukamatsegula chitseko nenani mokweza, abra la puerta, mukamatseka, ciérrela, mudziletse nokha, no la cierre. Tengani lamulo lililonse limene mwamva lero kuntchito kapena kunyumba, mulinene kwa tú, mulinene kwa usted, mulitembenuze kukhala loletsa, kenako mulifewetse kukhala pempho. Anthu akuyang'aneni ngati mwasokonezeka, musalabadire. Ndipo usiku uno, musanagone, tengani pepala mulembe kalata ya mizere isanu yopempha chinthu chimene mukuchifunadi, ntchito, malo a sukulu kapena mwayi wokumana ndi munthu wina. Muyambe ndi Estimado señor, pakati pakhale le agradecería que, ndipo mneni wotsatirayo mumupange nokha.