Kodi munthu n'kumuyeza pa sikelo?

Mu 1967 dziko la Canada lidayamba kusankha alendo powapatsa mapointi: maphunziro, zaka, chilankhulo, luso la ntchito. Australia ndi Britain adatengera nzeruyi pambuyo pake.

Ine sindikana kuti mwini nyumba ngoyenera kusankha olowa pakhomo pake. Komatu taonani kumene sikeloyi yatifikitsa. Mu Malichi 2024, Britain idaletsa odzagwira ntchito yosamalira okalamba kubwera ndi mabanja awo. Mwezi wotsatira, wofuna kuitanitsa mkazi kapena mwamuna wake adauzidwa kuti azilandira mapaundi 29,000 pachaka, kuchoka pa 18,600.

Tsono ndifunse, abale anga: mapointiwo adawalima ndani? Kuseri kwa satifiketi kumakhala mayi amene adagulitsa nkhuku kuti fizi ipezeke. Mayiyo pa sikelo salemera kanthu: ngokalamba, Chingerezi sachidziwa. Pamene mwana wake akusambitsa mayi a eni ku Leeds, iye akulera zidzukulu zimene dziko lomwelo lazikana.

Wokolola m'munda amene sadalime, ndithu ali ndi ngongole kwa mlimi. Ngongole imeneyi fomu ya viza siifunsa.