Kukweza ndi batani limodzi, kutsitsa ndi usiku wonse

M'seva imodzi mumatha kukhala makompyuta khumi kapena makumi atatu opanda thupi. Amisiri amawatcha ma VM. Iliyonse ili ndi Windows kapena Linux yake, ndipo imakhulupirira kuti ili ndi purosesa, memori, disiki ndi khadi la netiweki zakezake, pomwe ziwalo zonsezo n'zopeka za pulogalamu imene ikuisunga. Kampani ya VMware, imene inayamba ku Palo Alto m'dziko la America mu 1998, imapatsa ziwalo zopekazi nambala. Pulogalamu yake yosunga ma VM pa seva ndi ESXi. ESXi 6.5 ya mu 2016 imalekezera pa 13. ESXi 6.7 ya mu 2018 imafika pa 14, ndipo ikalandira Update 2 imakwera pa 15. ESXi 7.0 ya mu 2020 inayambira pa 17 n'kudzafika pa 19, pomwe 8.0 inabwera ndi 20. Lamulo lake n'losavuta: seva yatsopano imayendetsa VM ya nambala yakale, koma seva yakale siyatsa VM yoposa msinkhu wake.

Lamuloli ndinkalidziwa bwinobwino tsiku limene ndinakweza VM yosunga malipiro a antchito kuchoka pa 13 kufika pa 19. Linali Lachisanu masana, ntchito inali yochepa, ndipo nambala yakale ija inkandinyansa m'maso. Patapita milungu itatu seva yatsopano inafa. Ndinabwezeretsa backup pa seva yakale ya 6.7, ndipo inakana kuiyatsa VM ija. Malipiro anali oti atuluke m'mawa mwake. Mfundo zili m'munsizi ndinazitola usiku umenewo.

1. Makomo ena amatsegukira mbali imodzi. Mu vSphere, poyendetsera maseva a ESXi, muli malo osindikiza pofuna kukweza nambala ya hardware, koma malo otsitsira mulibe. Usanavomereze pamabwera chenjezo loti ukakweza subwerera, ndiponso kuti VM sidzayendanso pa maseva akale. Chenjezolo ndinaliona, koma sindinganene kuti ndinaliwerenga. Munthu akasindikiza OK tsiku ndi tsiku, chala chimayamba kuganiza m'malo mwa mutu. Chimene chimasokoneza ena n'chakuti VMware Workstation, ya pa kompyuta ya patebulo, ili ndi njira yosinthira nambalayi mbali zonse ziwiri, ndipo imakufunsa ngati ukufuna kusintha VM yomweyo kapena kupanga kope lake. Wozolowera kumeneko amafika pa seva akuganiza kuti mwambo ndi womwewo.

2. Usananyamuke, dziwa chimene ukukatenga. Nambala iliyonse imabwera ndi katundu wake. Pa 10 panabwera SATA. Pa 13 panabwera NVMe ndi Secure Boot. Pa 14 panabwera TPM yopeka. Pa 15 VM imodzi inaloledwa mapurosesa 256, ndipo pa 18 anafika 768. Yanga ija inali ndi mapurosesa awiri okha, ndipo pa katundu yenseyu panalibe chimodzi chimene inkasowa. Sinathamange kuposa kale ngakhale pang'ono. Ndinaikweza chifukwa 19 ndi wamkulu kuposa 13, basi, monga mwana wolirira nsapato za bambo ake.

Sindinali woyamba. Mu 2013, ESXi 5.5 itatuluka, anthu ambiri anakweza ma VM awo kufika pa 10, kenaka n'kupeza kuti pulogalamu yakale ya vSphere Client singasinthenso kalikonse pa ma VM amenewo. Pankafunika Web Client, yomwe inkadalira vCenter, chinthu cholipira. Amene ankagwiritsa ntchito ESXi yaulere anangoti kakasi, osatha kuwonjezera ngakhale memori m'njira imene anazolowera, mpaka Update 2 ya mu 2014 itamasulako pang'ono. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

3. Msinkhu wa gulu uyesedwe ndi wamng'ono wa onse. Funso loyenera si lakuti seva imene VM ili lero imafika pa nambala yanji. Funso ndi lakuti tsiku la tsoka VM imeneyi idzathawira kuti. Kawirikawiri kothawirako ndi seva yokalamba imene inasiyidwa pakona, kapena ya ku ofesi ina imene palibe amaikumbukira pogula zatsopano. Imeneyo ndiyo iyenera kulamula nambala ya ma VM onse ofunika. Ine ndinayang'ana yamphamvu, n'kuiwala kuti wodzanditola ndikagwa ndi nkhalamba ija.

4. Njira yobwerera imalambulidwa usanachoke. Mwa njira zimene VMware yokha imavomereza, yophweka kwambiri ndi kubwerera ku snapshot imene unatenga usanakweze, chifukwa snapshot imasunganso mmene ziwalo za VM zinalili. Koma njirayi imamera udzu msanga. Ukabwerera ku snapshot ya milungu itatu yapitayo, ntchito yonse ya milungu itatuyo yapita nayo: malisiti, mayina a antchito atsopano, ngongole zodulidwa. Komanso snapshot si yosunga nthawi yaitali. Eni ake amalangiza kuti isapitirire maola 72, poti imafufuma n'kuyamba kulemetsa disiki. Choncho masiku atatu amenewo ndi oyesera zonse, kuphatikizapo kuyatsa kope la VM pa seva yothawirako. Ine snapshot ndinaitenga ndithu, n'kuifufuta Lolemba ndikudzitama kuti ndine waukhondo.

5. Ukasamutsa mtima, usaiwale kuti thupi lakale linali ndi dzina. Njira imene inanditulutsa ndi iyi: kupanga VM yatsopano pa nambala imene seva yakale imaidziwa, osaipatsa disiki, kenaka n'kulumikizako fayilo ya vmdk ya VM yakale. Pokamba zimamveka ngati ntchito ya mphindi khumi. Ilipo njira inanso, ya pulogalamu ya vCenter Converter, imene imakopa VM yonse n'kukulola kusankha nambala ya kumene ukupita, koma kukopa disiki yaikulu kumadya maola, ndipo ine maolawo ndinalibe.

Apa m'pamene ndinaphunzira kuchuluka kwa tinthu timene munthu saona zinthu zikamayenda bwino. VM yakale ikakhala kuti inkadzuka ndi EFI, yatsopano ukaiika pa BIOS siidzuka, imangokuuza kuti sikuona poyambira. Disiki ikakhala kuti inali pa chogwirira cha mtundu wina, iwe n'kuiika pa china chimene Windows ilibe dalaivala wake, umalandira sikirini ya buluu. Khadi la netiweki limabadwa ndi adiresi ya MAC yatsopano, ndiye Windows imaliona ngati mlendo: adiresi ya IP imene unalemba pamanja imatsalira pa khadi lakale, lomwe tsopano ndi mzukwa wosaoneka pamndandanda. Pa Linux dzina la khadi likhoza kusintha, ens192 n'kukhala ens160, makina n'kuyaka bwinobwino koma osalankhula ndi aliyense. Nambala ya UUID nayo imasintha, ndipo mapulogalamu ena amamangirira laisensi yawo pa zinthu zimenezi. Yathu ya malipiro inatero kumene: inatseguka, n'kundiuza mwaulemu kuti kompyuta iyi siidziwa.

Choopsa kuposa zonse ndi TPM. Disiki ikakhala yokhomedwa ndi BitLocker, kiyi wake amadalira TPM ya VM yakale ija. M'thupi latsopano Windows imakufunsa kiyi wopulumutsira wa manambala 48, ndipo ngati palibe anamusunga, disiki yonse yasanduka mwala. Pamenepo ndinapulumuka mwamwayi chabe, osati mwanzeru: disiki yathu sinali yokhomedwa.

6. Kusintha chikwangwani sikusintha katundu wa m'sitolo. Cha m'ma 11 koloko usiku mnzanga wa pantchito anandiimbira. "Achimwene, mukuvutikiranji? Tsegulani fayilo ya vmx, pamene palembedwa 19 mulembepo 15, nkhani yatha." Sankanama. M'fayilo imeneyo muli mzere wa virtualHW.version, ndipo ambiri amausintha VM ili yozima, n'kuilembetsanso pa seva, zinthu n'kuyenda. Amateronso ndi fayilo ya OVF ikakanidwa chifukwa cha vmx-19, ngakhale kumeneko fayilo ya mf imakugwira pokhapokha uikonzenso kapena uichotse.

Sindinyoza njirayi. Pa VM yoyeserera, kapena yopanda chiwalo chilichonse chatsopano, ndingaichite mawa lomwe, nditasunga kaye kope la fayiloyo. Koma mzere umodziwo sumachotsa mizere ina. Ngati m'fayilomo muli NVMe, iwe n'kulemba 11, wauza seva bodza limene idzalitulukira yokha, mwina nthawi yomweyo, mwina pa tsiku loipa. Ndiponso njirayi sili pa mndandanda wa zimene eni pulogalamu amavomereza, kotero zikavuta uli wekha. Chimene chinandiletsa usiku umenewo si ulamuliro wa kampani ayi. Ndinangoona kuti ndalakwa kale kamodzi chifukwa chofulumira, ndipo malipiro a anthu si poyesera mwayi kachiwiri.

7. Kukhala pansi nakonso kuli ndi mtengo wake. Munthu akapsa amayamba kuopa ngakhale phulusa, ndipo ndikudziwa amisiri amene salola nambala kusuntha zaka khumi. Mu Januwale 2018, zibowo za Spectre ndi Meltdown zitaululika m'mapurosesa, chitetezo china chinkafika mu VM pokhapokha ili pa 9 kapena kuposa. Windows 11, yomwe inatuluka mu Okutobala 2021, imafuna TPM 2.0, kutanthauza 14 kapena kuposa. Pamenepo chifukwa chokwerera chilipo, ndipo ukwere ndithu: uyambe ndi VMware Tools, kenaka nambala, ndipo ulekezere pamene chosowa chako chathera.

8. Wolakwa anene yekha, asanafunsidwe. Malipiro anatuluka mochedwa ndi theka la tsiku, titaimbira ogulitsa pulogalamu ija kuti atipatse laisensi ina. Kunali kosavuta kuloza seva yakufayo, poti inafadi, ndipo palibe akanafunsa zambiri. Koma seva yakale ikanatinyamula m'mphindi makumi awiri ndikanapanda kusindikiza batani lija. Ndinalowa mu ofesi ya abwana n'kunena kuti, "Bwana, seva inafa yokha, koma chimene chatichedwetsa ndine." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti ma VM ena amene ndinakweza Lachisanu lija ndi angati. Analipo asanu ndi imodzi. Ndinawatsitsa imodziimodzi, Loweruka lililonse, ndipo pa iliyonse ndinayamba ndalemba m'kope adiresi ya MAC, mtundu wa chogwirira disiki, ndiponso ngati imadzuka ndi BIOS kapena EFI.