Khumi adachira, mmodzi adapulumuka

Mthenga Wabwino wa Lamulungu lino la 28 pa chaka, wochokera pa Luka 17:11-19, ukusimba za anthu khumi akhate amene adakumana ndi Ambuye Yesu m'malire a Samariya ndi Galileya. Onse khumi adafuula kupempha chifundo, onse adamvera zimene adauzidwa, ndipo onse khate lidawachoka. Koma mawu a chipulumutso adanenedwa kwa mmodzi yekha, Msamariya amene adabwerera kudzagwada pa mapazi a Ambuye. Luka Woyera, amene adali dokotala monga Paulo Woyera akunenera pa Akolose 4:14, adasankha mawu ake mosamala. Za khumi aja adalemba kuti adayeretsedwa, ndipo mawu akuti kupulumuka adasungira wobwerera uja. Kuchira kwa thupi ndi mphatso yaikulu, koma Ambuye amafuna kupereka zoposa pamenepo.

Nkhani imeneyi ikukhudza mabanja ambiri a mumzinda muno. Akhristu ochuluka a parishi ino ali ndi makolo ndi abale ku Chileka, ku Lirangwe ndi m'midzi yozungulira. Matenda akakula kumudzi, ulendo wake ndi wodziwika. Wodwala amayamba wapita ku chipatala chaching'ono cha Chileka kapena cha Lirangwe, mwina n'kufika ku Mlambe, chipatala cha Mpingo wa Katolika ku Lunzu, kenaka amalandira kalata yomutumiza ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Mbale wa m'tauni ndiye amatumiza ndalama ya minibasi pa foni, amalawirira kuphika phala, ndi kupezera mphasa wodikirira wodwala. Matenda akatenga nthawi, ndiyenso amafunsidwa funso lovuta: kodi wodwalayu apitirize mankhwala, kapena apite naye kwa munthu wina wotchuka amene akuti amachiritsa ndi pemphero lokha? Yankho la funso limeneli lapulumutsa miyoyo ina, ndipo lina ladzetsa maliro amene akadapeweka.

Mthenga Wabwino wa lero ukuthandiza poyankha. Ambuye Yesu sadawachiritse akhate aja pomwepo. Adawatuma kuti akadzionetse kwa ansembe, ndipo adachira ali m'njira. Malinga ndi mitu 13 ndi 14 ya buku la Levitiko, wansembe ndiye ankayang'ana khungu la munthu, kumupatula ngati ali ndi khate, ndi kulengeza kuti wayera akachira, kuti abwerere kwa abale ake. Ambuye adalemekeza dongosolo limenelo, nafuna kuti machiritso awo atsimikizidwe ndi amene ntchito yake idali yopima. Mkhristu wa lero amene akumva kuti Mulungu wamuchiritsa alibe chifukwa choopera kukayezedwanso. Zimene Mulungu wachita sizingafafanizidwe ndi makina a kuchipatala.

Mpingo umachita chimodzimodzi. Ku Lourdes, m'dziko la France, kumene Amayi Maria adaonekera kwa Bernadette Soubirous m'chaka cha 1858, kwafika odwala osawerengeka ndipo anthu zikwi zingapo anenapo kuti achira. Komabe machiritso amene Mpingo udavomereza kuti ndi zozizwitsa ndi pafupifupi 70 okha, ndipo aliwonse adayamba afufuzidwa ndi madokotala kwa nthawi yaitali. Mpingo umakhulupirira kuti Mulungu amachita zozizwitsa, n'chifukwa chake sulola kuti dzina lake liseweretsedwe.

Buku la Mphunzitsi, mutu 38, limalangiza wodwala kuti apemphere, alape machimo ake, ndiponso aitane dokotala, chifukwa nzeru zake ndi mankhwala ake n'zochokera kwa Mlengi. Kuyambira 2004 mankhwala a ma ARV akhala akuperekedwa mwaulere m'dziko muno, ndipo anthu amene akadamwalira kalekale akulima, akulera ana ndi kuimba m'makwaya. Mankhwala a chifuwa chachikulu amafuna miyezi 6 osadumphitsa. A BP ndi a shuga ambiri ndi a moyo wonse. Munthu wouza wodwala kuti ataye mankhwala oterewa pofuna kuonetsa chikhulupiriro akumuuza kuti amuyese Mulungu, tchimo limene Ambuye Yesu adalikana pamene Satana adawauza kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Nyumba ya Mulungu.

Mawerengo oyamba, ochokera pa 2 Mafumu 5, akuonetsa mtima umene umasokeretsa ambiri. Naamani, mkulu wa asilikali a ku Siriya, ankayembekeza kuti mneneri Elisa atuluka ndi kuchita zooneka ndi maso. Atauzidwa kuti akasambe kasanu ndi kawiri mu mtsinje wa Yordani, adapsa mtima poona kuti njirayo ndi yapafupi kwambiri. Antchito ake ndiwo adamunyengerera, ndipo atamvera adachira. Kumwa piritsi nthawi yake tsiku ndi tsiku, kapena kukhala pa mzere wa sikelo ku Lirangwe dzuwa likuswa mtengo, kumafanana ndi kusamba mu Yordani. Palibe chokopa maso, koma Mulungu amagwira ntchito mmenemo. Naamani atafuna kupereka mphatso, Elisa adakana. Gehazi, wantchito wa mneneriyo, adathamangira chumacho mobisa ndipo khate lija lidamugwira iyeyo. Banja limene lauzidwa kuti ligulitse mbuzi kapena chimanga kuti ligule madzi kapena mafuta a machiritso likumbukire nkhani imeneyi. Chisomo cha Mulungu chilibe mtengo.

Nanga amene apemphera, amwa mankhwala mokhulupirika, koma osachira? Amenewa nthawi zambiri amasenza katundu wachiwiri, wonenedwa kuti chikhulupiriro chawo n'chochepa kapena kuti pali tchimo limene akubisa. Malembo sakuvomereza chiweruzo chotero. Paulo Woyera, amene m'mawerengo achiwiri akulemba ali womangidwa ndi maunyolo, adapempha katatu kuti chomusautsa m'thupi mwake chichoke, koma sichidachoke. M'kalata yomweyi yachiwiri kwa Timoteo akunena kuti adasiya mnzake Trofimo akudwala ku Mileto. Ngakhale akhate khumi aja, pamodzi ndi Lazaro amene adaukitsidwa, tsiku lina adamwalira. Kuchira kulikonse kwa pansi pano n'kwa kanthawi, pamene chipulumutso chimapitirira manda. Gogo wa ku Chileka amene wagona pamphasa zaka zingapo, kolona ili m'manja, akhoza kukhala pafupi ndi Ambuye kuposa munthu wamphamvu amene adatuluka m'chipatala n'kuiwala njira ya kutchalitchi.

Anthu asanu ndi anayi aja sadachite choipa chooneka. Adalandira chimene ankafuna n'kupitiriza ulendo, monga amachitira munthu amene wagula katundu pamsika. Msamariya adazindikira kuti amene adamuchiritsa ndi wamkulu kuposa machiritsowo, ndipo adabwerera kwa Iye. Mawu akuti Ukaristia amachokera ku Chigiriki ndipo amatanthauza kuthokoza. Misa iliyonse ndi ulendo wobwerera wa Msamariya uja. Zopempha za odwala zimachuluka m'mapemphero a m'miphakati, ndipo n'zoyenera kutero. N'koyeneranso kuti amene adapemphereredwa nachira abwere kudzanena, apereke Misa yothokoza, ayambirenso kulandira masakramenti, ndipo akayendere amene adawasiya m'wodi.

Sabata ino banja lililonse limene lili ndi wodwala kumudzi lingachite zinthu zingapo. Lifunse ngati mankhwala alipo ndi ngati tsiku lobwerera kuchipatala likusungidwa, pakuti pepani sapoletsa chilonda, ndipo nthawi zina chosowa ndi ndalama yoyendera basi. Lidziwitse atsogoleri a mphakati wa kumudziko kapena akatekisiti kuti wansembe akafike ndi masakramenti a Kulapa, Kudzoza Odwala ndi Ukaristia. Kudzoza Odwala, kumene maziko ake ali pa Yakobo 5:14-15, ndi sakramenti la aliyense amene wadwala kwambiri kapena wafooka ndi ukalamba, ndipo munthu akhoza kulilandira kangapo. Kudikira mpaka wodwala atasiya kuyankhula n'kumumana chitonthozo chimene akadachimva ndi makutu ake. Ndipo amene angathe akwere minibasi akamuone, chifukwa chimene chinkawawa kwambiri akhate aja chidali kuima patali ndi anthu.

Ambuye Yesu, amene adachiritsa khumi ndi kulandira mmodzi wobwerera, alimbitse odwala onse, adalitse manja a madokotala, anamwino ndi odikirira odwala, ndipo apatse akhristu ake mtima wobwerera kudzathokoza. Amen.