Nayenso Wantchito Apume

Musanapitirize kuwerenga, tsegulani Baibulo pa Deuteronomo mutu 5, ndime 12 mpaka 15. Lamulo la Sabata tonse tinaliphunzira tili ana, koma ambiri timalikumbukira monga lilili m'buku la Eksodo, pamene akuti tizipuma chifukwa Mulungu anapuma atatha kulenga. Mu Deuteronomo chifukwa chake n'china. Mose akuuza Aisraele kuti azipuma pamodzi ndi ana awo, antchito awo, ng'ombe, abulu ngakhalenso mlendo, pokumbukira kuti iwo eni anali akapolo ku Ejipito. Kapolo alibe tsiku lakelake. Munthu amene wapuma akuchitira umboni kuti Mulungu anamumasula.

Ndikulemba mawuwa ndili ku Dar es Salaam, kumene ndikukhala chifukwa cha ntchito. Kuno Amalawi tilipo ambiri, ndipo amayi ndi atsikana ochuluka amagwira ntchito za m'nyumba: kulera ana, kuchapa, kuphika. Mwezi ukatha ndalama sigona m'thumba. Imapita kumudzi kukalipira fizi, kugula feteleza, malata ndi mankhwala a agogo.

Ine ndi anzanga awiri amene timapemphera limodzi tinasonkha pang'onopang'ono kwa chaka chathunthu kuti tikapume masiku atatu ku Zanzibar. Sitima ya pamadzi imatenga pafupifupi maola awiri kuchokera ku Dar es Salaam. Titatsika tinakwera galimoto kupita ku Jambiani, mudzi wa asodzi umene uli kummawa kwa chilumbachi. Mchenga wake ndi woyera ngati ufa, ndipo anthu ake ambiri ndi Asilamu, choncho chitenje chathu chinatipatsa ulemu poyenda m'mudzi.

Inu a ku Nkhotakota, Likoma ndi Malindi mumaidziwa nyanja, koma iyi mukanadabwa nayo. Madzi ake ndi amchere, sungamwe. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti kawiri pa tsiku madziwo amachoka n'kupita kutali, ngalawa n'kutsala zitagona pamchenga. Nthawi imeneyo amayi a m'mudzimo amalowa kukasamalira minda yawo ya ndere za m'nyanja, zimene iwo amati mwani. Amazimangirira pa zingwe zokoka pakati pa zikhomo, zikakula amakolola, kuyanika n'kugulitsa. Ndi ntchito yowerama, yopweteka msana monga kupalira. Koma madzi akayamba kubwerera, aliyense amasenza thumba lake n'kutuluka, kaya watsiriza kaya ayi. Palibe amene amakangana ndi nyanja. Ndinawasirira, chifukwa ntchito yawo Mulungu anaiikira malire ooneka ndi maso, pamene ya anzangawa ilibe polekezera.

Mmodzi mwa anzangawo ndi mlezi wa ana, ndipo wakhala kuno zaka zisanu ndi chimodzi. Mmawa woyamba anadzidzimuka kusanache, kufunafuna madzi osambitsira ana, kenako n'kukumbukira kumene ali. Anakhala pansi n'kulira. Masana titajambulana m'mphepete mwa madzi anandigwira dzanja nati, “Achemwali, chithunzi changa chisapite pa foni ya munthu aliyense. Kwathu akachiona adzati ndalemera, ndikudya ndalama kunyanja pamene iwo akuvutika.” Ndinamumvera, chithunzicho sichinapite. Koma mawu amenewa ndi amene andilembetsa kalatayi, pakuti kwawo kumene ankakuopako n'kwa inu ndi ine. Mayi ake ndi mmodzi wa ife, amavala yunifomu yomweyi.

Tsiku lobwerera tinadzera ku Stone Town kukaona tchalitchi chachikulu cha Christ Church. Chinamangidwa pamalo pamene panali msika wa akapolo, umene unatsekedwa mu 1873. Mwala wa maziko unaikidwa pa Khirisimasi chaka chomwecho, ndipo Bishopu Edward Steere, amene anayang'anira ntchito yomanga, anaikidwa m'manda kuseri kwa guwa atamwalira mu 1882. Ambiri mwa anthu amene ankagulitsidwa pamsikawo anali ochokera kwathu. Ankawawolotsa nyanja pa Nkhotakota, n'kuwayendetsa pansi mpaka ku Kilwa, kenako pa ngalawa kufika pachilumbapo. Ndipo amishoni amene anadzakhazikika pa Likoma mu 1885 anali a gulu lomwelo la UMCA limene likulu lake linali ku Zanzibar. Mpingo wathu, amayi, unaleredwa pamalo pamene anthu anamasulidwa maunyolo. Nanga zingatheke bwanji kuti ife, ana a mpingo umenewu, tiziveka ana athu goli lina, lopangidwa ndi mauthenga a pa foni?

Tsopano tsegulani Marko mutu 6, kuyambira ndime 30. Atumwi abwera kuchokera kokalalikira. Anthu ndi piringupiringu, moti ngakhale mpata wakudya palibe. Yesu akuwatenga kuti akwere ngalawa apite kwaokha akapume pang'ono. Taonani kuti atumwiwo sanapemphe. Ndi Ambuye amene anaona kutopa kwawo. Sanawatche aulesi, sanawawerengere odwala amene atsala.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti, “Werengani mpaka pansi, Amayi, khamu lija linawatsatira.” N'zoona. Anthu anathamanga wapansi n'kukafika iwo asanakocheze, ndipo Yesu atawaona anawamvera chifundo, nawaphunzitsa, nawadyetsa. Njala ya kumudzi si nthano, ndipo sindikuuza mwana aliyense kuti aleke kuthandiza makolo ake. Lamulo lolemekeza atate ndi amayi lili pamzere wotsatira pomwepo mu Deuteronomo muja. Koma khamu lija linali ngati nkhosa zopanda mbusa, pamene ife Mbusa timamudziwa. Si bwino kuti mwana akangomva foni ya mayi ake ikulira mtima uzigunda ngati wamva wangongole pakhomo. Ena mwa ana athu ku Johannesburg, ku Cape Town ndi ku Leeds afika pobisa tsiku lawo lopuma monga munthu abisira tchimo.

Masiku atatu aja anatha msanga, ndipo mnzanga uja anabwerera kukasambitsa ana a eni ake. Mwezi umenewo ndalama anatumiza monga mwa masiku onse.

Pamsonkhano wanu wa Lachinayi, ndikupempha kuti mayi aliyense amene ali ndi mwana kapena m'bale kunja atchule dzina lake, mumupempherere. Mukamuimbira sabata ino, yambani mwamufunsa ngati wadya, ngati akugona bwino, ndiponso ngati abwana ake amamupatsa tsiku lopuma. Za feteleza zibwere pambuyo. Akakutumizirani chithunzi ali kunyanja, onetsani anzanu mokondwa.

Ndipo inu amayi a m'tauni, ku Lilongwe, Zomba ndi Blantyre, amene Lamulungu mmawa mumanyamuka mutatchena kupita kutchalitchi, m'nyumba mwanu mumatsala mtsikana akutsuka mbale ndi kukonza ndiwo za masana. Nayenso ndi mwana wa mayi wina. Kodi kwawo anapitako liti?